Sitima Ziwiri m'Nkhungu: Cimene Radar Iona ndi Cimene Siona

Usiku wa pa 25 July, 1956, sitima ziwiri zazikulu za pamadzi zinagundana pa nyanja ya Atlantic, kum'mwera kwa cisumbu ca Nantucket, mamailosi pafupi-fupi 200 kum'mawa kwa doko la New York. Ina inali Andrea Doria ya ku Italy, inzake Stockholm ya ku Sweden. Anthu 51 anataya miyoyo yao. Kugundana kwa zombo m'nkhungu sikunali kwacilendo, pakuti kwakhala kukucitika kuyambira kale-kale. Cimene cinazizwitsa amalinyero a maiko onse ndi cakuti sitima zonse ziwirizi zinali ndi radar, makina oona patali ngakhale mumdima, ndipo makinawo anali kugwira nchito. Oyendetsa anaonana pa makina akali kutali mamailosi oposa 10, nyanja iri yotakata mbali zonse, komabe anakagundana.

Omvera a ku migodi angayese kuti nkhani ya panyanja siiwakhudza. Koma mkuwa wocokera ku Nkana, ku Mufulira kapena ku Nchanga suthera pa njanji kapena pa lole ai. Umakakwera zombo pa madoko onga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo zombozo zimapyola m'nkhungu zisanafike kwa ogula.

Nkhungu ya panyanja isiyana ndi ija ya m'madambo mwezi wa June, imene imabalalika dzuwa likangokwera. Pafupi ndi Nantucket mpweya wofunda ndi wa cinyezi, wocokera pamwamba pa madzi otentha a Gulf Stream, umaomba pa madzi ozizira otsika kucokera kumpoto. Mpweyawo ukazizira, cinyezi cace cimasanduka timadontho touluka, ndipo nkhungu yotere ikhoza kukhala usana ndi usiku osacoka. Nthawi zina munthu woima pa cipinda coyendetsera combo satha kuona mphuno ya combo cace comwe. Mau naonso amasokonezeka m'nkhungu: lipenga lolira kutsogolo limamveka ngati liri cammbali, lolira pafupi ngati liri kutali, ndipo pena silimveka konse.

Radar isanabwere, woyendetsa combo analibe cina coposa khutu, lipenga ndi kucepetsa liwiro. Ngakhale zimenezi sizinali kukwanira nthawi zonse. Pa 29 May, 1914, sitima ya Empress of Ireland inagundidwa m'nkhungu ndi combo ca malasha cochedwa Storstad pa mtsinje wa St Lawrence ku Canada. Inamira m'maminiti 14 okha, ndipo anafa anthu 1,012. Ncifukwa cace anthu anayembekezera zambiri pamene makina oona m'nkhungu anapezeka.

Kagwiridwe ka radar sikovuta kukamva. Munthu akapfuula pafupi ndi thanthwe lalikulu, kapena m'ngalande yaitali ya pansi pa mgodi, mau ace amabwerera kwa iye; ndipo thanthwe likakhala kutali, mauwo amacedwa kubwerera. Radar icita cimodzi-modzi, koma m'malo mwa mau itumiza mafunde a wailesi, abale ace a mafunde amene amafikitsa nkhani ndi nyimbo m'nyumba za omvera. Pamwamba pa combo pali citsulo copingasa cimene cimazungulira kosalekeza. Citsuloco cimaponya mafunde mwa kamphindi kakang'ono zedi, kenaka cimamvetsera, ndipo cimabwereza cotero mazana-mazana pa sekondi imodzi. Mafundewa amathamanga mamailosi 186,000 pa sekondi, ndipo nkhungu siiwachinga. Akagunda combo cina, gombe kapena thanthwe, ena mwa iwo amabwerera. Makina amawerenga nthawi imene mafunde atenga popita ndi pobwera, napeza kutalika kwa cinthuco. Ndipo mbali imene citsulo cinaloza pa nthawiyo ndiyo mbali imene cinthuco ciri. Zonsezi zimaoneka pa galasi ngati kadontho kowala.

Nzeru imeneyi inayamba ndi Mjeremani wochedwa Christian Hülsmeyer, amene m'caka ca 1904 anaonetsa ku Cologne makina oliza belu combo cikamadutsa pa mtsinje wa Rhine. Eni zombo sanawasamale. Inakula cifukwa ca nkhondo: mu 1935 Robert Watson-Watt anaonetsa ku England kuti ndege ingapezedwe ndi mafunde a wailesi, ndipo mu 1940 John Randall ndi Harry Boot ku Birmingham anapanga kacipangizo kochedwa magnetron, kamene kanatheketsa radar yaing'ono koma yamphamvu. Nkhondo itatha mu 1945, zombo za malonda zinayamba kuika makinawa, ndipo oyendetsa ambiri anayesa kuti nkhungu yagonja.

Apa ndipo panali msampha. Kadontho ka pa galasi kamanena zinthu ziwiri zokha, ndizo mbali imene combo cinzace ciri, ndi kutalika kwace pa mphindi imeneyo. Sikanena kumene comboco caloza, kapena liwiro lace, kapena cimene woyendetsa wace akuganiza kucita. Ndiponso pa radar za masiku amenewo combo ca mwini makina cinali kukhala pakati pa galasi ngati cosayenda, kotero kuti kuyenda kwa kadontho kunali kusakaniza kwa maulendo awiri, wa mwini ndi wa mnzace. Amene anakhalapo m'sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Ndola, napenya pa zenera sitima ina ya pambali, adziwa cinyengo cimeneci: sudziwa msanga ngati ikuyenda ndi yako kapena inzace.

Mankhwala ace alipo, ndipo ndi pensulo, pepala ndi wochi. Wapanchito alemba malo a kadontho, nadikira maminiti 3 kapena 6, nalembanso, kenaka kacitatu. Akalumikiza malo atatuwo ndi mzere woongoka, mzerewo umuonetsa ngati comboco cidzadutsa kutsogolo, kumbuyo kapena pambali, ndi mtunda umene cidzadutsire. Maminiti 6 amakondedwa cifukwa ali gawo limodzi mwa magawo 10 a ora, ndipo kuwerenga liwiro kumapepuka. Cizindikilo coopsa koposa onse ndi ici: kadontho kakamayandikira koma mbali yace osasintha, zombozo zidzakomana malo amodzi. Okwera njinga awiri olinga pa mphambano imodzi amaona comweci, mnzako akumka nakula m'maso koma osasuntha kumanja kapena kumanzere. Nchito yolembayi ifuna munthu wokhala nayo, wosatanganidwa ndi zina, ndipo ifunanso nthawi. Nthawiyo imagulidwa ndi kucepetsa liwiro.

Tsono usiku uja zinayenda motere. Andrea Doria, sitima ya mapazi 697 imene inayamba maulendo ace mu January 1953, inali kucokera ku Genoa ndi anthu 1,706, ndipo inayenera kufika ku New York m'mawa mwace. Inalowa m'nkhungu masana. Kaputeni Piero Calamai anacita zambiri zoyenera: iye mwini anakhala pa cipinda coyendetsera, anatseketsa zitseko zochinga madzi, anaika mlonda ku mphuno, ndipo lipenga linali kulira mosalekeza. Koma liwiro analicepetsa pang'ono cabe, kucokera pa mamailosi a panyanja 23 pa ora kufika pa 21.8. Umenewu unali mwambo wa sitima zazikulu zonyamula anthu pa Atlantic, pakuti kucedwa kufika pa doko kunali kutaya ndalama, ndipo radar inali itapatsa akaputeni mtima wolimba woposa muyeso.

Stockholm inali itacoka ku New York tsiku lomwelo, ulendo wa ku Gothenburg, pa liwiro la mamailosi 18 pa ora. Inali kuyenda cakumpoto kwa njira imene zombo zolinga kum'mawa zinali kulangizidwa kutsata, motero inali m'njira ya zombo zobwera. Kumene inaliko kunalibe nkhungu; inali kuyandikira m'mphepete mwa nkhunguyo osadziwa. Kaputeni Gunnar Nordenson anali m'cipinda cace, ndipo ofisala yekhayo pa ulonda anali Johan-Ernst Carstens-Johannsen, mnyamata wa zaka 26. Iyeyu anali kupenya radar, kuyesa malo a sitima pa mapu, ndi kuyang'anira wogwira ciongolero, zonsezi munthu mmodzi.

Sitima ziwirizi zinali kuyandikizana pa liwiro la mamailosi 40 pa ora, ndiko kunena kuti mamailosi 2 anali kutha m'maminiti 3. A pa Andrea Doria anaona kadontho kali pa mamailosi 17, cakumanja pang'ono. Sanalembe pa pepala. Anangopenya ndi maso, naganiza kuti sitima inayo idzadutsa ku dzanja lao lamanja. Pofuna kukulitsa mpata, kaputeni anakhotetsa sitima kumanzere madigiri 4 okha. A pa Stockholm anaona kadontho pa mamailosi 12. Carstens-Johannsen analemba malo ace, napeza kuti sitima inayo idzadutsa ku dzanja lace lamanzere, monga mwa mwambo wa zombo zokomana maso ndi maso, koma pafupi kwambiri. Iye anatsimikiza zokhotera kumanja akangoona nyali zace. Sanaganize za nkhungu. Anali kungodabwa kuti nyalizo zikucedwa kuoneka. Sanaitane kaputeni wace.

Motero woyendetsa ali yense anali ndi cithunzi cace m'mutu, ndipo zithunzizo zinali zotsutsana. Wina anali kuthawira kumanzere kwace, wina kumanja kwace, ndipo popeza anali openyana, onse awiri anali kuthawira mbali imodzi, kum'mwera. Palibe anadziwa cimene mnzace anali kucita, pakuti kukhota kwa madigiri 4 sikuoneka pa radar ya munthu wina.

Nyali zitaoneka, nthawi inali itatha. Carstens-Johannsen anakhotera kumanja madigiri ngati 20 osaliza lipenga, napotoloka kukayankha telefoni ya mlonda wa pa mlongoti amene anali kunena za nyali zomwezo. Pobwerera anaona sitima yaikulu yowala nyali ikupingasa kutsogolo kwace. Analamula ciongolero conse kumanja ndi injini kubwerera m'mbuyo. Calamai naye analamula ciongolero conse kumanzere, osacepetsa liwiro, poyembekeza kupyola. Nthawi itangopitirira 11 koloko ndi maminiti 10, mphuno ya Stockholm, imene inalimbitsidwa kuti izitha kuyenda m'madzi oundana a kumpoto, inalasa nthiti ya kumanja ya Andrea Doria.

Madzi anadzaza matanki a mafuta amene anali opanda kanthu pa mapeto a ulendo, ndipo sitima inapendekeka kotero kuti mabwato opulumutsira anthu a mbali ya kumanzere sanathe kutsitsidwa. Mwai unali wakuti sitima inacedwa kumira, ndipo zombo zina zinali pafupi. Sitima ya ku France, Île de France, inabwerera pa ulendo wace nitenga anthu 753. Onse opulumuka pa Andrea Doria anali 1,660; akufa anali 46, ndi amalinyero 5 a pa Stockholm. M'mawa mwa 26 July, nthawi itangopitirira 10 koloko, Andrea Doria inamira. Stockholm inabwerera yokha ku New York ndi mphuno yophwanyika, inakonzedwa, ndipo inagwirabe nchito zaka zoposa 60 ndi maina ena.

Mlandu unayamba kumvedwa ku New York, koma mu January 1957 makampani awiriwo anagwirizana kunja kwa bwalo, ndipo woweruza sanagamule kuti wolakwa ndani. Akatswiri ena pambuyo pace anati ofisala wa Stockholm anawerenga molakwa muyeso wa galasi, nayesa kuti sitima inayo iri kutali pamene inali pafupi. Ena amaloza liwiro la Andrea Doria, kusalemba kwace ndi kukhotera kwace kumanzere. Kunena zoona, zolakwazo zinali mbali zonse ziwiri, ndipo palibe ngakhale cimodzi cimene cinali ca makina. Amalinyero anapeka dzina lonyodola la ngozi zotere, lotanthauza kugundana kothandizidwa ndi radar.

Malamulo a panyanja anakonzedwa cifukwa ca ngozi iyi ndi zina zonga iyo. Msonkhano wa maiko ku London mu 1960 unaonjeza malangizo a kagwiritsidwe ka radar, ndipo maiko anayamba kufuna kuti maofisala aphunzire kulemba ndi kumasulira madontho asanalandire setifiketi. Mu 1967 njira zolekanitsa zombo zopita ndi zobwera zinaikidwa pa mpata wa Dover, monga mzere wogawa mseu. Malamulo amene zombo zimatsata lero anapangana mu 1972, nayamba kugwira nchito mu July 1977. Iwo amaletsa kugamula kanthu podalira zocepa zimene radar yaonetsa. Amanena kuti combo cikakhota pofuna kupewa cinzace, cikhote kwambiri ndiponso msanga, kuti cinzaceco cione pa galasi lace. Amanenanso kuti m'nkhungu, combo cina cikaoneka pa radar cakutsogolo, woyendetsa apewe kukhotera kumanzere, kupatula ngati akucipitirira cocokera kumbuyo. Amene wamva za Andrea Doria safunsa cifukwa cace.

Pa za liwiro, malamulo sachula nambala. Amati liwiro likhale lakuti combo cithe kupewa ngozi ndi kuima pa mtunda woyenera, poganizira kuoneka kwa njira, kuculuka kwa zombo ndi mphamvu ya radar yomwe. Mabwalo a milandu akale anali ndi muyeso wosavuta kukumbukira: combo cizitha kuima pa theka la mtunda umene maso akuona, kuti cinzace naco cikhale ndi theka lace. Sitima yolemera matani zikwi-zikwi iribe mabuleki onga a galimoto. Ndipo lipenga la combo cina likamveka cakutsogolo, popanda citsimikizo cakuti ngozi palibe, woyendetsa acepetse liwiro kufikira pongokwanira kuongolera, kapena aime kumene.

Kalizidwe ka malipenga kali ndi cinenero cace, monga mabelu a pa shafuti amene anthu a kheji sawasokoneza. Combo ca injini coyenda m'nkhungu cimaliza kamodzi kotalika, masekondi 4 kufikira 6, pasanapite maminiti 2 ali onse. Cikaima pamadzi osaponya nangula cimaliza kawiri kotalika. Combo ca matanga, ca asodzi ali pa nchito, kapena cokoka cinzace cimaliza kamodzi kotalika ndi kawiri kofupika. Cimene caponya nangula cimaliza belu mofulumira masekondi 5 pa miniti iri yonse, ndipo cikakhala ca mamita 100 kapena kuposa, cimaombanso citsulo cina kumbuyo, kuti womva adziwe kuti pakati pa mau awiriwo pali combo cimodzi cacitali.

Mau onsewa afuna khutu, ndipo apa ndi pamene mlonda amalowa. Lamulo lacisanu limafuna kuti combo ciri conse cikhale ndi ulonda nthawi zonse, wa maso, wa makutu, ndi wa zipangizo zonse zimene ziripo. Radar yaonjezedwa pa mlonda, sinamlowe m'malo. Pali zinthu zimene makina saona bwino. Mafunde a wailesi amabwerera mwamphamvu pa citsulo, koma mofooka pa mtengo ndi pulasitiki, kotero kuti bwato la asodzi likhoza kusowa pa galasi kufikira litafika pansi pa mphuno. Nyanja ikakalipa, mafunde a madzi amadzaza pakati pa galasi ndi timadontho tabodza, ndipo mvula yamphamvu icita comweco; wapanchito akapotoza makina kuti acotse timadontho tabodzato, akhoza kucotsa ndi bwato lomwe. Mlongoti ndi cumuni zimachinganso mbali zina. Ncifukwa cace eni mabwato ang'ono amapacika pamwamba kacipangizo ka mbale za citsulo zopingasana, kobweza mafunde, kuti aoneke. Msodzi wa pa Kariba kapena pa Tanganyika amene ali m'bwato la mtengo usiku asayese kuti combo cacikulu camuona cifukwa iye waona nyali zace.

Mlonda wabwino amaikidwa kutsogolo, kutali ndi phokoso la injini, ndipo sapatsidwa nchito ina. Wogwira ciongolero sawerengedwa mlonda pa combo cacikulu, pakuti maso ace ali pa kampasi. Usiku maso amafuna nthawi yonga theka la ora kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwa nyali kapena kwa telefoni ya m'manja kumaononga kuzolowerako m'kamphindi. Iye amanena zonse zimene waona kapena kumva, ngakhale akuganiza kuti ofisala waona kale. Pa zombo zambiri zakale anali kunena ndi belu: kamodzi cinthu ciri kumanja, kawiri kumanzere, katatu kutsogolo. Ndipo diso lace limapeza m'kamphindi cimene pensulo imapeza m'maminiti 6. Combo ciri ndi nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, ndipo cacikulu ciri ndi nyali ziwiri zoyera pa milongoti, ya kutsogolo yotsika, ya kumbuyo yokwera. Woona nyalizi adziwa pomwepo kumene mnzace waloza.

Makina a masiku ano apita patsogolo kwambiri. Radar yochedwa ARPA imalemba yokha madontho, niwerenga liwiro la zombo zina ndi mtunda umene zidzadutsire. Cipangizo ca AIS, cimene zombo zazikulu zinalamulidwa kukhala naco kuyambira 2002 mpaka 2004, cimaulutsa dzina la combo, malo ace ndi liwiro lace kwa zombo zonse zapafupi. Koma mabwato ang'ono ambiri alibe AIS, ndipo makina ocenjeza sathandiza ngati palibe wowapenya. Pa 10 March, 2025, m'mawa wa nkhungu ya apa ndi apo, combo ca katundu cochedwa Solong, ciri pa liwiro la mamailosi ngati 16 pa ora, cinagunda Stena Immaculate, combo ca mafuta a ndege cimene cinali citaponya nangula kufupi ndi gombe la kum'mawa kwa England. Zombo zonse ziwiri zinayaka moto, ndipo mmalinyero mmodzi wa pa Solong sanapezeke. Ofufuza ngozi za panyanja a boma la Britain, m'lipoti lao loyamba, anapeza kuti pa zombo zonse ziwirizo panalibe munthu woikidwa padera kukhala mlonda pa cipinda coyendetsera.